Nyamakazi ya m'bondo: fupa nalo limasintha, nanga amaliona bwanji?

Munthu wamkulu akayamba kudandaula maondo, kuvutika kudzuka pa mkeka, kutsika masitepe chammbali atagwira khoma, mawu omwe amamveka pakhomo ndi aja oti mafuta a m'maondo atha, kapena akachokera ku chipatala amati adokotala anena kuti mafupa akukhulana. Muli choona mmenemo koma pali mbali ina yomwe anthu ambiri sauzidwa, yoti mu nyamakazi ya m'bondo ija madokotala amati osteoarthritis fupa lenilenilo limasintha, mkati mwake ndi kaumbidwe kake komwe, ndipo limatha kuyamba kusintha X-ray isanaonetse kalikonse. Matendawa si ochepa ayi, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni pa dziko lonse anali ndi osteoarthritis ndipo mwa amenewo 365 miliyoni linali bondo, ambiri mwa iwo azimayi komanso anthu opitilira zaka 55.

Mukamadya nyama ya mbuzi nkufika pa fupa la mwendo, kunsonga kuja kumakhala chinthu choyera choterera chotafunika, imeneyo ndi cartilage. Mukaichotsa mumapeza kafupa kopyapyala kolimba, ndipo mukakaboola mkati muli fupa la timabowotimabowo lodzaza mafuta ndi magazi. Bondo la munthu linapangidwa chimodzimodzi. Kunsonga kwa fupa la ntchafu ndi pamwamba pa fupa la msongolo pali cartilage yokhuthala mamilimita 2 mpaka 4 basi, pansi pake pali kafupa kopyapyala kaja, kenako fupa la timabowo. Ziwiri zapansizi pamodzi ndi zomwe amati subchondral bone, ndipo ndi zomwe zimalandira kulemera kwa thupi nthawi iliyonse mwaponda, komwe pa bondo kumafika kuwirikiza kawiri kapena katatu kulemera kwanu mukungoyenda chabe, pokwera chitunda kapena mutasenza ndowa nde kumaposa pamenepo.

Tsopano chomwe chimandichititsa kuti ndiziikira mtima pa fupa ndi ichi, cartilage ilibe mitsempha yomva ululu, ilibenso mitsempha ya magazi. Ikhoza kuperepeseka osamva kanthu. Nde bondo likamawawa ululuwo ukuchokera kwina, ku kachikopa ka mkati kozungulira bondo komwe kamatupa nkutulutsa madzi, ku mitsempha yogwira bondo, komanso ku fupa lomwe lili ndi mitsempha yomva ululu yambiri ndithu.

Fupa si chinthu chouma chongokhala. Muli maselo ena omwe ntchito yawo ndi kugumula fupa lakale, ma osteoclast, ndi ena omanga latsopano, ma osteoblast, ndipo ntchitoyi siima moyo wonse. Mu 1892 dokotala wa ku Berlin, Julius Wolff, analemba kuti fupa limadziumba motsatira katundu yemwe likusenza, pomwe pakutsamira kwambiri limawonjezera, pomwe palibe ntchito limachepa. Mu 1972 Eric Radin ndi anzake ku America anabweretsa ganizo lomwe linasokoneza anthu, loti mwina vuto limayambira pansi, fupa likamamenyeka tsiku ndi tsiku limachita timing'alu ting'onoting'ono, pochira limauma gwa, ndiye cartilage yomwe yakhala pamwamba pake imayamba kulandira nkhonya yonse yokha mpaka kung'ambika. Mpaka pano akatswiri amatsutsanabe kuti chimayamba ndi chiti, fupa kapena cartilage, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti nkhaniyi ndi yopindika kuposa mmene Radin ankaganizira. Koyambirira kwa matenda ogumula aja ndi omwe amathamanga, kafupa kopyapyala kaja kamapyapyala kwambiri nkuchita timabowo. Pakapita zaka zinthu zimatembenuka, fupa limakhuthala, pa X-ray limaoneka loyera mbee, koma chodabwitsa nchoti fupa lokhuthalalo lili ndi kashiamu wochepa poyerekeza ndi fupa labwino, chifukwa likumangidwa mwachangu nkugumulidwanso lisanakhwime. Nde ndi lambiri koma si labwino. Mitsempha ya magazi yatsopano imaboola kuchokera pansi kulowa mu cartilage momwe simumayenera kukhala mitsempha, ndipo yomva ululu imatsatira njira yomweyo.

Kunjako nako kukusintha. M'mphepete mwa bondo mumamera tinyanga ta fupa, ma osteophyte, mkati mumachita timabowo tokhala ndi madzi, pamwamba pa fupa la msongolo pamafutukuka nkuphwatalala, ndipo matenda akafika patali fupa lenilenilo limadyeka mbali imodzi mwendo nkuyamba kupindika.

Funso nde ndi loti zonsezi amaziona bwanji munthu ali moyo, bondo lili lotseka.

Njira yakale yomwe mpaka pano ndi yomwe ambirife tingaipeze ndi X-ray. Mu 1957 Jonas Kellgren ndi John Lawrence a ku Manchester, anthu omwe anayamba ndi kufufuza nyamakazi mwa ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku England, anakhazikitsa magiredi kuyambira 0 mpaka 4 omwe madokotala akugwiritsabe ntchito lero. Giredi 0 palibe kanthu, 1 pali kokayikitsa, 2 kanyanga ka fupa kakuoneka bwinobwino ndipo apa ndi pomwe amati munthu ali ndi osteoarthritis pa X-ray, 3 tinyanga tachuluka mpata wapakati pa mafupa wachepa fupa layamba kuyera, 4 mpata watsala pang'ono kutheratu kapena watha ndipo nsonga za mafupa zasintha kaumbidwe. Taonani bwino, pafupifupi zonse zomwe akuwerengazo ndi za fupa. X-ray siona cartilage nkomwe, imangodutsa, dokotala amangoyerekeza kuti yatsala yochuluka bwanji poona mpata wakuda uja pakati pa mafupa awiri. Ndipo mpatawo si cartilage yokha, mulinso meniscus, kachinthu kokhala pakati ngati kachikhatho kopindika, kameneka kakang'ambika nkusuntha kutuluka chammbali mpata umachepa olo cartilage ikadalipo.

Apa pali chinthu chaching'ono koma chofunika zedi chomwe ndikufuna aliyense wopita kukajambulitsa bondo adziwe. X-ray ya nyamakazi imayenera kujambulidwa munthu ataimirira, ataponda. Sven Ahlbäck wa ku Sweden anaonetsa zimenezi mu 1968, munthu akagona pa tebulo mafupa amatalikirana mpata nkuoneka ngati ulipo pomwe cartilage inatha kale. Mu 1988 Thomas Rosenberg ndi anzake anawonjezera kuti bondo likapindidwa madigiri 45 munthu ali chiimirire, kujambula kuchokera kumbuyo, pamaoneka kudyeka kwa chakumbuyo komwe X-ray ya mwendo woongoka imaphonya. Palinso kajambulidwe kena koonera pansi pa kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo, komwe kamavuta kwambiri anthu omwe amamva kuwawa ponjuta, pogwada ndi potsika masitepe. Munthu akhoza kuuzidwa kuti bondo lili bwinobwino chifukwa choti anamujambula atagona, wabwerera kunyumba akudziona ngati wabodza, izi zimandipweteka mtima chifukwa sizifuna mashini atsopano, ndi kungomuimika munthu basi.

Koma olo ijambulidwe bwino, X-ray ndi ululu sizimayendera limodzi nthawi zonse. John Bedson ndi Peter Croft mu 2008 anasonkhanitsa makafukufuku ambiri nkupeza kuti mwa anthu omwe X-ray ikuonetsa osteoarthritis, omva kuwawa ankachokera pa 15 mpaka 81 pa 100 aliwonse kutengera kafukufuku wake, ndipo mwa omva kuwawa m'bondo omwe X-ray inaonetsa matendawa anali pakati pa 15 ndi 76 pa 100. Kusiyana kwakukulu chonchi kukutanthauza kuti alipo agogo a giredi 3 omwe akulima bwinobwino, aliponso mayi a giredi 1 omwe sakugona usiku. Ena anafika ponena kuti X-ray nde ilibe ntchito, koma Tuhina Neogi wa ku Boston mu 2009 anachita zanzeru, anatenga anthu omwe bondo limodzi likuwawa lina ayi nkuyerekeza maondo awiri a munthu yemweyo, kuti nkhani za kupirira, nkhawa ndi chibadwa zisalowelere, ndipo zinaoneka kuti bondo lowawalo nthawi zambiri ndi lomwe lili ndi giredi yokwera. Nde kuwonongeka kwa bondo kumawerengedwa ndithu, kungoti anthu awiri samva ululu mofanana.

Umboni woyamba wamphamvu woti fupa likutengapo mbali pa kukula kwa matendawa unachokera ku Bristol mu 1993. Paul Dieppe ndi anzake anagwiritsa ntchito bone scan, pomwe amabaya munthu mankhwala okhala ndi technetium omwe amakamatira paliponse pomwe fupa likumangidwa mwachangu, kamera nkuonetsa malowo akuwala. Anawatsatira odwalawo zaka 5. Maondo omwe sikani inali zii osawala sanaipireipire, omwe mpata unapitilira kuchepa anali ochokera mu gulu la owala aja. Kunena kwina, fupa linali litanena kale zomwe zidzachitike cartilage isanathe.

Kenako kunabwera MRI, ndipo apa nde pomwe nkhani ya fupa inakula. MRI imaona madzi ndi mafuta, nde imaona cartilage, meniscus, kutupa, komanso mkati mwa fupa la timabowo lija. Pa zithunzi zina zomwe amazimitsa kuwala kwa mafuta, pansi pa cartilage pamaoneka zigamba zoyera zopanda malire enieni. Poyamba ankati ndi madzi odzaza mu fupa, koma mu 2000 Marco Zanetti ndi anzake ku Zurich anajambula MRI anthu 16 omwe amakawaika bondo lachitsulo, fupa lochotsedwalo nkukaliona pa maikulosikopu, ndipo anapeza kuti madziwo anali 4 peresenti yokha ya malowo. Gawo lalikulu linali fupa ndi mafuta abwinobwino, kusakanikirana ndi mafuta akufa, zipsera, magazi otayikira ndi tizidutswa ta fupa tomangidwa mokhota. Ndi bala la mkati mwa fupa, malo omwe akuvulala nkuyesa kuchira nkuvulalanso. Nchifukwa chake masiku ano pa lipoti amalemba bone marrow lesion, mwachidule BML.

Mu 2001 David Felson wa ku Boston anajambula anthu 401 omwe X-ray inaonetsa kale osteoarthritis. Mwa 351 omva kuwawa, pafupifupi 78 pa 100 anali ndi BML, pomwe mwa 50 osamva kuwawa anali 30 pa 100. Zigamba zikuluzikulu nde zinasiyanitsa kwambiri, 36 pa 100 mwa omva kuwawa ndipo 2 pa 100 yokha mwa enawo. Mu 2003 gulu lomwelo linaonetsa kuti mbali ya bondo yomwe ili ndi BML ndi yomwe imadyeka msanga, ndiponso kuti malo a BML amatsatira mmene mwendo wapindikira, wa matewe aja oti maondo amatalikirana akaima BML imakhala chamkati mwa bondo, wa maondo ogundana imakhala chakunja. Izi nzomveka, mbali yamkati ndi yomwe imasenza kale katundu wochuluka munthu akamayenda, mwendo ukapindikira kunja katunduyo amawonjezekera pomwepo, fupa nkuvulala, nkudyeka, mwendo nkupindikanso kwambiri, zimangozungulira choncho.

Chomwe chimandipatsa chiyembekezo pa BML nchoti siikhalitsa malo amodzi. Cartilage ikatha yatha, kanyanga ka fupa kakamera sikabwerera, koma BML imakula nkuchepa mkati mwa masabata kapena miyezi, ina imazimiririka, ndipo makafukufuku otsatira anthu kwa nthawi aona kuti ikamakula ululu umabwera, ikamachepa ululu nawo umatsika. Ku Manchester mu 2015 Michael Callaghan ndi anzake anayesa anthu 126 omwe vuto lawo linali pansi pa kafupa ka kutsogolo kaja, ena anawapatsa chomangira bondo kuti avale masabata 6, ndipo mwa ovalawo BML ya pamalopo inachepa, ululu nawo unachepa. Osawapatsa mankhwala aliwonse, kungosintha mmene katundu akugwera pa fupa.

Komabe musathamangire kukagulitsa mbuzi kuti mukapange MRI. Mu 2012 Ali Guermazi anajambula MRI anthu 710 a m'tauni ya Framingham ku America, onse opitilira zaka 50 ndipo onse X-ray yawo inali giredi 0. Anthu 89 pa 100 anapezeka ndi chinachake, tinyanga ta fupa 74 pa 100, cartilage yowonongeka 69 pa 100, BML 52 pa 100, ndipo omwe sankamva kuwawa kulikonse nawonso ambiri anali nazo zomwezo. Ndiye ukatenga munthu wa zaka 60 nkumulowetsa mu MRI upeza kanthu basi, ndipo lipoti lodzaza mawu owopsa likhoza kumupangitsa kusiya kuyenda, chomwe ndi chinthu choipa kwambiri chomwe angalichite bondolo. Ofufuza ali ndi njira zawo zowerengera zimenezi gawo ndi gawo la bondo, koma izi ndi za kafukufuku, si za munthu wobwera kudzaonana ndi dokotala.

Njira zina ndingozidutsa mwachangu. CT imaona fupa bwino kuposa zonse, timabowo ndi tinyanga tobisika, ndipo pano kuli ma CT ojambula munthu ataimirira. Micro-CT imaona tizidutswa ta fupa kamodzikamodzi koma imafuna fupa lochotsedwa kale pa opaleshoni kapena la nyama zoyesera, ndipo zambiri zomwe tikudziwa za kupyapyala ndi kukhuthala kuja zinachokera kumeneko. CT ina yoona zinthu zing'onozing'ono kwambiri, HR-pQCT, imayandikira pamenepo pa munthu wamoyo, koma mashini ake ndi owerengeka. DXA ija yoyezera kufooka kwa mafupa imatha kuyeza kuchuluka kwa kashiamu pansi pa bondo, mbali yamkati kuyerekeza ndi yakunja. Ultrasound imaona madzi ndi tinyanga ta m'mphepete koma mkati mwa fupa siilowa. PET yogwiritsa ntchito sodium fluoride ili ngati bone scan ya Dieppe koma yooneka bwino. M'magazi ndi mkodzo amayezamo zidutswa za collagen (ulusi womwe umapanga fupa ndi cartilage), CTX-I yochokera ku fupa ndi CTX-II yomwe imagwirizana ndi cartilage, vuto lake nloti siziuza kuti zachokera bondo liti kapena msana.

Ziwiri zomwe ine ndikuona kuti zili ndi tsogolo kwa anthu ngati ife ndi zogwiritsa ntchito kompyuta. Yoyamba inayambira ku London chakumayambiliro kwa ma 1990 ndi Christopher Buckland-Wright ndi John Lynch, kompyuta imawerenga kalukidwe ka tizidutswa ta fupa pa X-ray wamba, tomwe diso la munthu limangoona ngati utsi, ndipo Virginia Kraus wa ku yunivesite ya Duke ku America mu 2009 anaonetsa kuti kalukidwe kameneka kamalosera bondo lomwe liipireipire. Ubwino wake ndi woti ikufuna X-ray yomwe tili nayo kale m'zipatala za m'maboma. Yachiwiri ndi kuyeza kaumbidwe ka fupa lonse pa MRI. Ku America kuli kafukufuku wamkulu wotchedwa Osteoarthritis Initiative yemwe anayamba mu 2004 ndi anthu 4,796 a zaka 45 mpaka 79, kuwajambula mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, ndipo zithunzizo anazitsegula kuti wofufuza aliyense agwiritse ntchito. Kuchokera mmenemo Neogi mu 2013 anaonetsa kuti nsonga ya fupa la ntchafu imayamba kufutukuka ndi kuphwatalala X-ray isanaonetse kalikonse, ndipo maondo otere ndi omwe amadzapezeka ndi matendawa pambuyo pake.

Tsopano gawo lowawa la nkhaniyi. Ngati fupa lili pakati pa vutoli, ndipo mankhwala ochepetsa kugumuka kwa fupa alipo kale a anthu ofooka mafupa, bwanji osangowapatsa amenewo? Anayesa, kangapo konse. Risedronate anamuyesa pa anthu oposa 2,400 ku America ndi ku Ulaya kwa zaka 2, zotsatira zinatuluka mu 2006, CTX-II mu mkodzo inatsika koma ululu ndi mpata wa pa X-ray sizinasiyane ndi omwe anamwa mapilisi opanda mankhwala. Strontium ranelate mu 2013 anaonetsa kuchedwetsa pang'ono kuchepa kwa mpata pa zaka 3, koma anapezeka kuti amaika mtima pa chiopsezo, anamuikira malire ndipo mu 2017 kampani yake inasiya kumugulitsa. Zoledronic acid, wa mu dilipi, anapatsa anthu chiyembekezo mu 2012 pomwe Laura Laslett ku Tasmania anayesa anthu 59 nkuona BML ndi ululu zikutsika pa miyezi 6, koma atabwereza ku Australia konko ndi anthu 223 kwa zaka 2, zotsatira za mu 2020 zinati palibe kusiyana, pa cartilage, pa ululu olo pa BML yomwe. Chaka chomwecho Philip Conaghan wa ku Leeds anatulutsa za mankhwala ena, MIV-711, otseka cathepsin K yomwe ma osteoclast amagumulira fupa, anthu 244 kwa masabata 26, pa MRI fupa linachedwadi kusintha kaumbidwe, cartilage inachedwa kutha, koma anthuwo ankamva kuwawa chimodzimodzi.

Mukaziika pamodzi zimenezi mukuona kuti kuona kwathamanga kuposa kuchiza. Tikutha kuyeza fupa mpaka tizidutswa tosaoneka ndi maso koma mpaka lero palibe mankhwala ovomerezeka oimitsa osteoarthritis. Mwina masabata 26 ndi ochepa pa matenda omwe amatenga zaka 20, mwinanso osteoarthritis si matenda amodzi, alipo omwe vuto lawo lalikulu ndi fupa, ena kutupa, ena bondo linavulala kale pa mpira kapena pa ngozi, ndiye ukawapatsa onse mankhwala a fupa phindu la ochepa aja limasowa mu gulu. Apa ndi pomwe ntchito yoyeza fupayi ili ndi tanthauzo, kusankha kuti ndani ali mu gulu liti. Koma wina akakuuzani lero kuti ali ndi mapilisi kapena ufa womeretsa cartilage nkubwezeretsa fupa, ndipo zoterezi zadzaza pa Facebook ndi WhatsApp pa mitengo yokwera, dziwani kuti mayesero akuluakulu a anthu masauzande sanazipeze zimenezo.

Nanga munthu wa maondo owawa atani nazo zonsezi? Ku Britain komwe mashini ali mbwee, malangizo a 2022 a NICE, bungwe lomwe limapereka malangizo kwa madokotala kumeneko, amati munthu wa zaka 45 kupita mmwamba, yemwe bondo limawawa akamaligwiritsa ntchito, ndipo mmawa siliuma kupitilira mphindi 30, dokotala anene kuti ndi osteoarthritis osajambula nkomwe. Kwathu kuno MRI yoyamba inafika ku Queens ku Blantyre mu 2008 ndipo inabwera chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, mpaka pano ma MRI ndi ochepa ndipo odwala a ubongo, msana ndi khansa akuwadikira. Omwe amaona mafupa m'zipatala za m'maboma ndi ma orthopaedic clinical officer, omwe maphunziro awo anayamba mu 1985, ndipo munthu wotere akagwira bondo, nkuona mmene mukuyendera, nkukuimikani kuti aone kupindika kwa mwendo, wadziwa kale zambiri za komwe fupa likulemedwa.

Ndipo poti fupa limamvera katundu, zomwe zimathandiza ndi zokhudza katunduyo. Stephen Messier mu 2005 anayeza kuti kilo imodzi yochoka pa thupi imachotsa pafupifupi makilo 4 pa bondo pa sitepe iliyonse, tawerengani masitepe a tsiku lonse. Minofu ya ntchafu ikalimba imalandira kugunda kusanafike pa fupa, nde mafizo si zongotayitsa nthawi, ndipo kuyenda ndi kupalasa njinga sikumaliza bondo ngati mmene ambiri amaopera, kukhala pansi ndi komwe kumafooketsa minofu. Ndodo igwiridwe ku dzanja la mbali yomwe siikuwawa, ambiri amagwira mbali yolakwika. Kwa munthu wachichepere yemwe mwendo wapindika ndipo mbali imodzi yokha ndi yomwe yadyeka, pali opaleshoni yodula fupa la msongolo nkuliongola kuti katundu asamukire mbali yabwino, apo dokotala amafuna X-ray yaitali ya mwendo wonse kuchokera m'chiuno mpaka pa kakolo munthu ataimirira. Zikafika poika bondo lachitsulo X-ray imafunikanso kuti aone fupa ladyeka mpaka pati, koma chomwe chimagamula ndi mmene munthu akuvutikira, akugona kapena ayi, akutha kufika ku msika kapena ayi, chifukwa olo opaleshoni iyende bwino pafupifupi munthu mmodzi mwa 5 amatsalabe ndi ululu.

Pali nthawi zomwe kujambula sikuyenera kudikira, ndipo apa ndikupempha musazengereze ndi makolo anu. Bondo lotupa mwadzidzidzi, lotentha, munthu akutentha thupi ndipo sakulola kuti mulikhudze, mukhoza kukhala mafinya ndipo amawononga bondo mkati mwa masiku ochepa, kapena gout, nyamakazi ina yobwera ndi timiyala ting'onoting'ono topangika m'bondo, ndipo zimenezi amazisiyanitsa popopa madzi a m'bondomo nkukawayeza. Bondo limodzi lotupa pang'onopang'ono kwa miyezi, munthu akuonda, akutuluka thukuta usiku, makamaka ngati ali ndi HIV, kwathu kuno TB ya m'mafupa iyenera kuganiziridwa, pa X-ray fupa lake limaoneka lofooka ndi lodyeka m'mphepete mosiyana ndi loyera lokhuthala la osteoarthritis. Wachinyamata yemwe fupa la pafupi ndi bondo likuwawa usiku osaleka ndipo pakutupa, ameneyo ajambulidwe msanga chifukwa khansa ya fupa imakonda malo amenewo pa msinkhu umenewo. Ndipo pali chimodzi chomwe chimaphonyedwa kwambiri, mayi achikulire omwe dzulo amayenda bwino lero akumva kuwawa koopsa chamkati mwa bondo osagwa osapunthwa, usiku osagona. Kameneko kakhoza kukhala kamng'alu ka fupa lofooka pansi penipeni pa cartilage, Ahlbäck yemwe uja ndi anzake anafotokoza odwala otere mu 1968, ndipo masabata oyamba X-ray imatha kutuluka osaonetsa kanthu. Apa nde pomwe MRI ili yoyenera ndalama zake, ndipo ngati siikupezeka mayiwo apatsidwe ndodo zoyendera asaponde mwendowo mwamphamvu mpaka ataonedwanso ndi kujambulidwanso, chifukwa akapitiliza kuuponda fupalo limatha kuphwanyikira mkati bondo nkuwonongeka mkati mwa miyezi yochepa.